Zaka Zitatu za pa Reji

Reji yanga, chitupa changa cha Boma, imanama. Ndiyambire pamenepo, chifukwa aliyense amene anali pabwalo tsiku lija amayambira pomwepo akamandijeda, kungoti nkhani yake amaikamba chozondoka. Amati ndinadziwonjezera zaka kuti ndithamange ndi nkhalamba. Asa! Ndi mkazi uti m'Chipata muno amene anadziwonjezerapo zaka? Timadziwana. Ku Kapata kuno kuli azimayi amene akhala ali ndi zaka fote-faifi kuchokera pomwe ndinagula makina anga osokera, ndipo makinawo ndasintha lamba wake kasanu.

Kwathu ndi ku Madzimoyo. Woyamba kubadwa ndine, wondipondera anali mtsikana mnzanga, tinasiyana zaka zitatu. Ine sukulu ndinayamba mochedwa chifukwa msana wanga unali wa alongo athu amene anabadwa pambuyo, choncho mng'ono wangayo anandipeza m'njira. Ine ndili giredi seveni, iye anali giredi sikisi. Iye anali ndi mutu, ine ndinali ndi miyendo. Masamu ankandizunguza ngati ndamwa kachasu, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Pa mamita handiredi panalibe mtsikana wondiona kumaso, onse ankangoona zidendene zanga, kuyambira kwathu mpaka masukulu a ku Kasenengwa.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a giredi seveni, mng'ono wanga anadwala malungo mvula itangoyamba. Lachiwiri anadandaula mutu, Loweruka tinamuika. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Patapita masabata ochepa zotsatira zinatuluka, ine sindinasankhidwe kupita fomu wani. Kubwereza sindikanaloledwa, ati ndinali nditakula kale.

Ndiye kunabwera ahedi a pasukulu pathu, panjinga, atapinda thalauzi mwendo umodzi. Anakhala ndi atate pansi pa mtengo wa mango, ine ndikupukusa chimanga chapafupi, makutu ali komweko. Ahediwo anati dzina la malemu linali likadali m'kaundula, sanalifufute, ndipo malo ake a giredi seveni anali chikhalire. Anati, “Bambo, mwataya mwana mmodzi, musataye awiri. Uyu alowe pa dzina la mnzake. Ambiri amachita.” Sananame, ambiri ankachitadi. Koma chomwe sananene n'chakuti mpikisano wa masukulu unali pafupi ndipo analibe wina wowabweretsera chikho. Atate anavomera. Ine sanandifunse, amama sanawafunse. Sukulu itatsegulidwa ndinakhala pa desiki ya mng'ono wanga, aphunzitsi ataitana dzina lake ndinayankha kuti ndilipo.

Ndinapambana ulendo wachiwiriwo, ndinafika fomu fili, mimba ya mwana wanga woyamba n'kundibweza. Potenga reji ndinapita ndi mapepala a kusukulu, chifukwa ena ndinalibe. Mlembi analemba dzina la mng'ono wanga, chaka chake chobadwa, n'kumatapo chithunzi cha nkhope yanga. Nthawi imeneyo sindinaone vuto. Dzina mumaligwiritsa ntchito kangati? Ukangobereka umakhala amake a uje mpaka kufa, ndipo pamsika anthu amangoti atelala.

Kuthamanga ndinasiya zaka zoposa makumi atatu. Chinandibwezera pabwalo ndi BP. Amuna anga atamwalira ndinanenepa, miyendo inkatupa chifukwa chokhala pamakina tsiku lonse, ndipo nesi wina kukiliniki anandiuza mosanyengerera kuti ndikapanda kuyamba kuyenda, ana anga ayambe kufunsa mtengo wa bokosi. Ndinamutukwana mumtima, koma m'mawa mwake ndinavala nsapato za tenesi za mwana wanga n'kupita kubwalo la mpira. Kumeneko ndinapeza kagulu ka azimayi akuluakulu, ena aphunzitsi opuma, ena a pamsika, akuzungulira bwalo atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi. Ndinayenda nawo miyezi iwiri. Tsiku lina galu wa munthu anatulukira kugolo akuuwa, tonse tinabalalika, ndipo pomwe ndinkatembenuka ndinapeza kuti anzanga ndawasiya kutali ngati aima. Mmodzi anafuula ali wefuwefu, “Inu atelala, miyendo imeneyo mumaibisa kuti?”

Kuyambira pamenepo sindinayendenso, ndinkathamanga. Chitenje ndinachivula n'kuchipachika pagolo. Mawu amene ndinamva chifukwa cha chitenje chimenecho! Alamu anga anatuma uthenga kuti ndikuchititsa manyazi malemu achimwene awo. Amayi ena a kumphakati anandikokera pambali titatha mapemphero n'kundifunsa ngati ndikufunanso banja. Anyamata a njinga zonyamula anthu ankaimba mabelu ndikamadutsa, ati agogo athawa ndani. Ndinkawayankha kuti ndikuthawa amuna onga atate awo. Sindine munthu womeza mawu, ndipo ukalamba sunandithandize pamenepo.

Koma ndinene zoona, panalibe china chimene ndinachikondapo chotero. Ana ndimawakonda, Mulungu ndi mboni, koma ana ndi ntchito. Kusoka ndi ntchito. Pa mamita handiredi aja palibe amene amandifuna kanthu. Ndinaphunziranso kugwada poyambira, bondo likulira ngati chitseko chakale. Ndinkakwera kaphiri ka kuseri kwa nyumba kasanu m'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu. Mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi ku Lusaka, ananditumizira nsapato zaminga zenizeni, ndipo ndinkazipukuta ndi kansalu kuposa mmene ndimapukutira mbale za alendo.

Zaka zinayi ndili pamenepo, kunamveka kuti kukubwera mpikisano wa achikulire m'Chipata momwe muno, ndipo akuluakulu a bungwe loona za masewerawo abwera kuchokera ku Lusaka ndi makina oyezera nthawi komanso buku lawo la marekodi. Mu mpikisano wotere anthu amagawidwa potsata zaka, zisanuzisanu. A fifite-faifi mpaka fifite-naini paokha, a sikisite kupita m'tsogolo paokha. Ine ndinali ndi zaka sikisite-wani. Ndikudziwa chifukwa amama ankanena kuti anandibereka chaka chimene atate anafolera nyumba ndi malata, ndipo mng'ono wanga anabadwa malatawo atayamba kale dzimbiri. Pa fomu, pomwe anafunsa zaka, ndinalemba sikisite-wani. Sindinaganize kawiri. Anandifunsa zaka zanga, ndinalemba zaka zanga. Patebulo panali chipwirikiti, anthu akukankhana, ndipo wolemba anangoti mareji tidzaona pambuyo, n'kundipatsa nambala yomata pachifuwa.

Tinaima asanu ndi mmodzi pamzere. Kunali kotentha, mwezi uja mitengo ya mango imakhala itayamba timango, fumbi lili kobo. Mizere anaijambula ndi laimu. Kumanja kwanga kunali mayi wina wa ku Katete, wamtali, wa imvi zometa bwino, amene aliyense ankati ndiye mwini mpikisano. Anandiyang'ana nsapato, n'kundiyang'ana mimba, n'kumwetulira. Ndinati mumtima, seka lero mayi, useke bwino.

Mfuti italira sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndimakumbuka kuti pakati pa mtunda ndinamva mpweya wa mayi uja paphewa langa, kenako sindinaumvenso. Ndimakumbuka anzanga a zitenje akukuwa dzina la atelala kumpanda. Ndinadutsa mzere womaliza n'kupitirira mpaka kukagwira waya, chifukwa miyendo inakana kuima. Nditatembenuka ndinaona bambo wa makina ataimirira, akuitana anzake ndi dzanja. Anaunjikana atatu, akuyang'ana makina, akuyang'ana buku, akuyang'ananso makina. Kenako wa chimkuzamawu analengeza kuti nthawi imene ndathamanga yaposa imene inali m'buku mwawo kwa azimayi a zaka sikisite, ndipo rekodiyo inali itakhala nthawi yaitali osagwedezeka.

Mayo ine! Ndinagwada pafumbi pomwepo. Anzanga analumpha waya, nthungululu zili pakamwa, wina anandikulunga chitenje chake m'khosi, wina akundithira madzi kumutu. Alamu anga omwe aja, amene anabwera kudzaona manyazi, ndinawaona akuuza anthu kuti ameneyo ndi mkazi wa achimwene. Nambala ya nthawiyo ndimaidziwa ngati dzina la mwana wanga, koma sindiilemba pano. Sili m'buku lililonse, ndiye ikhale yanga.

Chimwemwe chimenecho chinakhala mphindi mwina makumi awiri. Anandiitanira kutebulo, komwe kunakhala mayi wina wa bungwelo, wachitsikana ndithu, wa magalasi ndi kapu yoyera. Anati, “Amayi, mwachita zazikulu. Tipatseni reji tilembe bwinobwino.” Ndinaitulutsa m'kachikwama ndikuseka. Anaiyang'ana, anawerenga ndi zala pansi pa tebulo, n'kuiyang'ananso.

“Amayi, apa mukuoneka kuti muli ndi fifite-eyiti.”

“Rejiyo ndi imene ili ndi fifite-eyiti,” ndinatero ine. “Ine ndili ndi sikisite-wani.”

“Nanga reji ndi ya ndani?”

Zaka zonsezi palibe amene anandifunsapo funso limenelo. Anthu anali atayamba kutizungulira. Mayi wa ku Katete anafika, thaulo lili pakhosi, n'kusuzumira pa rejiyo. Sanakuwe ayi, anangonena mofatsa kuti aliyense amve, “Ndinadabwa ine. Mwana ameneyu akanathamanga ndi anzake.” Mwana! Ine wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ine amene mwina ndinamutsogolera kubadwa. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo anzanga anachita kundigwira. Zimenezo sizinandithandize. Wa chimkuzamawu analengezanso kuti zotsatira za azimayi a sikisite zaimitsidwa kaye chifukwa cha nkhani ya zaka, ndipo bwalo lonse linati haaa, kenako kuseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe ndikamadutsa pamsika.

Mayi wa magalasi uja sanali woipa, ndisamunamizire. Anthu atabalalika anandikhazika pampando, ndinamufotokozera zonse, za malungo, za ahedi, za kaundula. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati nkhani zotere anazimvapo, azakhali ake enieni anachita chimodzimodzi. Anati buku salitseka mpaka kutha kwa mwezi. Ndikabweretsa khadi la ubatizo losonyeza chaka changa chenicheni, pamodzi ndi kalata yolumbira ya kholo yonena kuti mwini reji iyi ndi mwana wamkulu ndipo wamng'onoyo anamwalira, adzaitengera kwa akuluakulu ake ndipo rekodi idzalembedwa. “Muli ndi kholo lamoyo?” anafunsa. Ndinati amama alipo. Anati, “Ndiye mwapulumuka.”

Lolemba ndinatseka shopu n'kupita kuparishi kwathu. Akatekisiti anatulutsa mabuku akale m'kabati, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete, ndipo tinafufuza mpaka dzuwa kupendeka. Tinalipeza. Dzina langa lenileni, lolembedwa ndi inki yofiirira m'zilembo zopendekera za wansembe wachizungu, dzina la atate, dzina la amama, chaka. Ndinaliyang'ana ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale amene ankamuyesa wakufa. Ndinalitchula chamumtima, kenako mokweza, akatekisiti n'kundiyang'ana. Titatsegula masamba angapo kutsogolo tinapezanso la mng'ono wanga, zaka zitatu pambuyo pake, ndendende. Anandilembera khadi latsopano, abambo mfumu anadindapo chidindo. Ndinatuluka ndikuyenda ngati mtsikana.

Kunatsala amama. Atate anapita kalekale, ahedi aja nawonso, ndipo mng'ono wanga analibe pepala la imfa, chifukwa kumudzi masiku amenewo munthu ankangoikidwa basi. Mboni inali imodzi. Amama amakhala ndi mlongo wanga wotsiriza ku Madzimoyo komweko. Maso anachita khungu pang'ono, mwendo umodzi amaukoka, koma mutu, ha! Amadziwa mbuzi ya yani yadya chimanga cha yani, amadziwa mdzukulu uti sanabwere pa Khirisimasi ya chaka chiti. Ndinawapeza pakhonde akusenda nyemba. Ndinawafotokozera zonse, pang'onopang'ono, kawiri.

“Ndiye ukufuna ndikanene chiyani?” anafunsa.

“Zoona zokhazokha, amama. Kuti ine ndine wamkulu. Kuti mnzanga uja anatisiya.”

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, “Liwiro lomweli?”

“Liwiro lomweli, amama.”

“Pa msinkhu wakowu.”

Ndinadzigwira. Ndinati inde, pa msinkhu wangawu, ndipo n'chifukwa chake likuwerengedwa. Kenako ananena kuti ndibwere Lachinayi ndi galimoto, iwo za minibasi sangathe. Ndinatenga kuti avomera. Ndinawasokera diresi yatsopano ya buluu ndi duku lake, masiku awiri ndili pamakina, maoda a anthu ndaika pambali.

Lachinayi ndinabwereka galimoto ya mwana wa anzanga a kumphakati, tinawanyamula, tinafika ku Boma cha m'ma teni. Ofesi ya bwana wolumbiritsa anthu inali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo amama anayenda khonde lonselo atandigwira mkono, osadandaula. Kalata inali italembedwa kale pa kompyuta, inkangodikira chala chawo. Bwanayo anali bambo waulemu, anawapatsa mpando, anawapatsa moni wa kumudzi, anawagwiritsa Baibulo. Anawawerengera kalata yonse m'Chinyanja. Kenako anati, “Agogo, ndikufunseni mwa lamulo. Mayi ali apawa ndi mwana wanu?”

“Ndi wanga.”

“Dzina lake ndani?”

Amama anatembenukira kwa ine, maso awo oyera aja ali pankhope panga, n'kutchula dzina la mng'ono wanga. Momveka bwino, mayina onse awiri.

Ndinaseka, poyesa kuti sanamve funso. Ndinati, “Amama, akufunsa dzina limene munandipatsa inu, la ubatizo.” Bwanayo anakweza dzanja kuti ndikhale chete, n'kufunsanso mwa njira ina. Anati, “Agogo, munali ndi ana aakazi awiri oyamba. Uyu ndi wamkulu kapena wamng'ono?”

“Ndi amene walembedwa pa chitupa chakeyo.”

“Nanga pali mwana wanu wamkazi amene anamwalira ali pasukulu?”

Amama anachotsa dzanja pa Baibulo n'kuliika pamwendo. Anati, “Bwana, ine ndakalamba. Zimenezo sindingazilumbirire.”

Bamboyo anandiyang'ana mwachisoni, n'kubweza kalata ija kwa ine ndi zala ziwiri. Anati agogo akuoneka kuti atopa, mwina zinthu zayamba kuwasokonekera, ndipo iye sangadinde chidindo pa mawu amene mwini wake sakuwavomera. Anati tikhoza kubweranso tsiku lina. Ndinathokoza. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinathokoza chiyani.

Panja, galimoto inali itapita kukathira mafuta, ndiye tinakhala pabenchi pansi pa mtengo. Ndinali nditakonzeka kuwakhululukira, ndikudziuza kuti ndi ukalamba, ofesi yawaopsa, tibweranso Lolemba. Amama anakonza duku lawo latsopano lija n'kunena osandiyang'ana, “Usamvere za bwana uja. Mutu wanga uli bwinobwino.”

“Ndiye mwachitiranji zimenezi?”

“Ukudziwa kuti pamanda pake palibe dzina?” anatero. “Atate ako anakana kulemba pamtanda. Anati dzina lili kusukulu, likaonekanso kumanda tigwidwa. Mwana wanga anagona ngati mlendo wofera panjira. Ine ndinalira ndekha, osamutchula, chifukwa ndikamutchula iwe unkayankha.”

Ndinapinda kalata ija pawiri.

“Masiku a mipikisano ndinkanama kuti ndikupita kudimba,” anapitiriza. “Ndinkaima kuseri kwa mpanda wa sukulu. Sindinkabwera kudzaona iwe ayi, ndisakunamize. Ndinkabwera kudzamva aphunzitsi akufuula dzina lake kuti wapambana. Kuchipatala ukandiperekeza, akakuitana ndi dzina lija, mtima wanga umakhala pansi. Boma limadziwa kuti ali moyo, ali ndi ana, ali ndi zidzukulu. Lero ukufuna ndiike chala changa papepala kuti anafa. Ndinamuika kamodzi, sindimuikanso kachiwiri.”

Mwina wina akanalira n'kuwakumbatira. Ine ayi. Mkwiyo unandikwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu. Ndinati, “Nanga ine, amama? Amene munamuika ndi ine! Iye munamusunga, ine munandikwirira ndili moyo, ndili ndi zaka sikisitini. Zikho za kusukulu zinapita pa dzina lake. Setifiketi ndi yake. Ukwati wa ku Boma ndi wake. Kanthu kamodzi kokha ndapempha, kamene ndakapeza ndi miyendo yangayi, ndi zaka zanga zenizeni, kamodzi!”

“Iwe uli ndi mpweya,” anatero. “Iye ali ndi kachitupako basi.”

“Dzina langa mumalikumbuka n'komwe?”

“Ndinakupatsa ndine.”

“Litchuleni.”

Amama anatembenukira kumsewu. Anthu ankadutsa ndi mafayilo awo, wina akugulitsa nthochi pageti. Ndinadikira. Ndinanenanso kuti litchuleni, amama, muli nokha ndi ine pano, palibe Baibulo, palibe bwana. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono, ndinaiona. Kenako anati galimoto ija ikuchedwa, ndipo mwendo wayamba kuwawa.

Ndinabwereranso ku Madzimoyo kawiri mwezi usanathe. Ulendo woyamba ndinapempha mlongo wanga uja kuti andithandize kuwanyengerera, koma iye anabadwa zonsezi zitachitika kale, ndipo anangoti asisi, asiyeni amama, mukufuna muwaphe ndi BP chifukwa cha mendulo? Ulendo wachiwiri amama anamva mawu anga pabwalo n'kulowa m'nyumba, ati agona. Ndinatumiza khadi la ubatizo lokha ku Lusaka. Mayi wa magalasi anandiimbira foni yekha, anati pepani amayi, khadili ndi la munthu wina, reji ndi ya munthu wina, palibe chozilumikiza. Mendulo anaipereka kwa mayi wa ku Katete. Rekodi yakale ija ikadali m'buku mmene inalili.

Anthu amandiuza kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndimawayankha kuti mwendo wa amama sindinauonepo kuchepa, ndi iwo amene anaona wanga kuchepa. Ndimapitabe kumudzi mwezi ndi mwezi, ndimawatengera sopo ndi shuga, ndimawasambitsa, ndimawadula zikhadabo. Timacheza za mvula ndi za mbuzi. Sindinawakhululukire, ndipo iwo sanapemphe. Kuulula ndinakaulula kwa abambo mfumu kuti ndili ndi chidani ndi mayi wondibala, anandipatsa mapemphero, ndinawanena onse, chidanicho chili pomwepo.

Anzanga a pabwalo amati ndisadandaule, chaka chamawa reji ikwana sikisite, ndidzathamanga mwalamulo ndipo palibe adzatsegule pakamwa. Amalankhula ngati miyendo imawerenga reji. Chaka chamawa ine ndidzakhala ndi sikisite-fili. Bondo lakumanzere linayamba kutupa chaka chatha, kaphiri kaja ndimakwera kawiri n'kukhala pamwala. Ndimadziyesa ndekha ndi wotchi ya pafoni, ndipo nthawi ija sindinaifikenso ngakhale kuiyandikira. Inabwera tsiku limodzi, pa fumbi lija, ndipo tsikulo linapita.

Mwana wanga wa ku Lusaka atabwera pa Pasaka ndinamukhazika pansi m'shopu. Ndinamupatsa khadi la ubatizo lija kuti asunge, n'kumuuza kuti tsiku langa likadzafika, pamtanda adzalembe dzina limenelo ndi chaka chimenecho, osati za pa reji. Analitembenuza khadilo uku ndi uku. Iye ndi nesi, mapepala a maliro amawaona tsiku ndi tsiku, ndipo sadziwa kunama ngati ine ndemwe.

Anati, “Amama, pepala la imfa limatsata reji. Chilolezo cha manda chimatsata pepala la imfa. Tikadzalemba dzina lina pamtanda, anthu adzafunsa kuti taika ndani.”

Ndinamulanda khadilo n'kulibwezera m'kabati ya makina, momwe ndimasunga singano. Kenako ndinamuuza kuti asunthe, wakhalira nsalu ya kasitomala.